Cambridge, tauni yaing'ono imene ili m'foni mwanu ndi m'kachipangizo koyezera malungo

Foni imene mukuwerengerapo nkhaniyi, kaya ndi Tecno, Itel, Samsung kapena iPhone, mkati mwake muli chip, kachipangizo kakang'ono kamene kali ngati ubongo wa foniyo, chimene chimatsatira mapulani a kampani ya Arm, ya ku Cambridge m'dziko la England. Kachipangizo kaja kamene a chipatala amadonthezerapo magazi a pa chala poyeza malungo nako kamadalira luso limene linatulukira m'tauni yomweyo mu 1975. Komatu Cambridge si mzinda woti n'kuopa kukula kwake. Pa kalembera wa 2021 munali anthu pafupifupi 145,000, ochepa kuposa a ku Mzuzu. Ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa London, m'mphepete mwa chigwa chimene kale chinali madambo okhaokha.

Ife amene ntchito yathu ndi kuthandiza ofufuza kuti zimene apeza mu labotale zifike pa msika timaitchula tauniyi pafupipafupi. Ndipo chimene chimandiwawa n'choti ambiri akaiona amathamangira kunena kuti chinsinsi chake ndi nyumba zagalasi zija, kapena mayina akuluakulu amene alembedwa pa zipata. Nyumbazo zinabwera pambuyo. Mayina akuluakuluwo ndiye anabwera pomalizira penipeni.

Yunivesite ya Cambridge inayamba mu 1209, koma kwa zaka mazanamazana inalibe chidwi ndi malonda. Mu 1950, lipoti la katswiri wa mapulani a mizinda William Holford linalangiza kuti tauniyi isakule kwambiri ndipo mafakitale asachulukemo, kuopa kuwononga maonekedwe ake. Maganizo anasintha mu 1969, pamene komiti ya yunivesite yotsogozedwa ndi Nevill Mott inanena kuti makampani a sayansi aziloledwa kukhala pafupi ndi ofufuza. Chaka chotsatira, Trinity College, imodzi mwa makoleji a yunivesiteyi, inatenga malo ake ena kumpoto kwa tauni, pamene asilikali a ku America ankakonzerapo magalimoto ndi akasinja pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, n'kukhazikitsapo Cambridge Science Park. Kampani yoyamba, Laser-Scan, inalowa mu 1973, ndipo kwa zaka zingapo malowo ankadzaza mwa kamba. Likanakhala boma lofuna kuonetsa zotsatira chisankho chisanafike, bwenzi litataya mtima. Koleji imene yakhalapo kuyambira 1546 inali ndi mtima wodikira, poti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chinadzaza tauniyi ndi makampani chinali china. Mu 1960 achinyamata ena otsiriza maphunziro pa yunivesiteyi anayambitsa Cambridge Consultants, kampani yoti aliyense amene ali ndi vuto la zaumisiri azibwera kudzawalipira kuti alithetse. Mainjiniya ake akagwira ntchito ina n'kuona kuti pali malonda, ankachoka kukayamba zawozawo. Mu 1978 munatuluka Domino, yopanga makina osindikiza popopera inki, aja amene amalemba tsiku lotha ntchito pa botolo kapena pa paketi ya mankhwala katunduyo akuthamanga pa lamba wa fakitale. Patsogolo pake munatulukanso Xaar, kenako Cambridge Silicon Radio, imene ma chip ake a Bluetooth analowa m'mafoni ndi m'mahedifoni ambirimbiri. Zimakhala ngati nthochi: tsinde limodzi likakhwima, ana amaphuka m'mbali, ndipo ngakhale mayiyo adulidwe, phata limapitirira.

Palibe nkhani imene imaonetsa bwino zimenezi kuposa ya Arm. Mu 1978 Hermann Hauser, mbadwa ya ku Austria, ndi mnzake Chris Curry anayambitsa Acorn Computers. Kompyuta yawo ya BBC Micro, ya mu 1981, inalowa m'sukulu zambiri za ku Britain. Atafuna chip champhamvu cha makompyuta otsatira, zimene zinali pa msika sizinawakhutiritse, choncho Sophie Wilson ndi Steve Furber anayamba kujambula chawo. Analibe ndalama zambiri, analibenso gulu lalikulu la anthu, ndiye anakakamizika kupanga chinthu chosavuta, chokhala ndi malamulo ochepa oti chizitsatira. Chip choyamba chinafika mu April 1985. Pochiyesa, Furber analumikiza mita yoyezera magetsi amene chikudya, ndipo singano inangokhala pa ziro, pomwe chipcho chinali kugwira ntchito bwinobwino. Atafufuza anapeza kuti waya wobweretsa magetsi sunalumikizike. Chinkayenda ndi timagetsi tochepa totayikira kuchokera ku tizipangizo toyandikana nacho. Pa nthawiyo zinangokhala zodabwitsa. Patapita zaka khumi, mafoni a m'manja atayamba kufala ndipo aliyense akudandaula za batire, kudya magetsi pang'ono kuja kunasanduka chuma.

Acorn yeniyeniyo sinapite patali, inatha. Koma mu 1990 gawo lake la ma chip linali litapatulidwa kale kukhala kampani payokha, mothandizana ndi Apple ndi VLSI Technology. Mainjiniya 12 anayambira m'nkhokwe yakale ya pafamu m'mudzi wa Swaffham Bulbeck. Apple inkafuna chipcho kuti chilowe m'kachipangizo kake kotchedwa Newton, kamene sikanayende malonda. Chimene chinaitukula Arm chinali Nokia, kudzera mu ma chip a Texas Instruments.

Ambiri amadabwa akamva kuti Arm ilibe fakitale. Malonda ake aakulu ndi kugulitsa mapulani. Kampani ngati MediaTek, Qualcomm kapena Apple imalipira chilolezo chogwiritsa ntchito mapulaniwo, kenako pa chip chilichonse chimene chapangidwa, kangachepe kamapita kwa Arm. Kangachepeko mukakachulukitsa ndi ma chip oposa 250 biliyoni amene apangidwa mpaka pano, muona chifukwa chake kampani ya ku Japan ya SoftBank inaigula mu 2016 pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 24 biliyoni. Kakompyuta kotchipa ka Raspberry Pi, kamene kanatuluka mu 2012 pa mtengo wa madola 35 kuti ana aziphunzirirapo, ndi mdzukulu wa mbiri yomweyi: kanabadwira ku Cambridge ndipo mkati mwake muli Arm.

Mbali ya zamoyo ndi zamankhwala inayenda njira ina, ndipo kwa ine ndi imene ili ndi phunziro lolemera. Apa mwini nkhani ndi labotale ya boma, MRC Laboratory of Molecular Biology, imene inatsegulidwa mu 1962. Mizu yake ili m'gulu laling'ono la mu Cavendish Laboratory, labotale ya fizikisi ya yunivesiteyi, mmene James Watson ndi Francis Crick anafotokozera kapangidwe ka DNA mu 1953, mothandizidwa kwambiri ndi zithunzi ndi miyeso yochokera kwa Rosalind Franklin ndi anzake a ku King's College London. Labotaleyi inali ndi chizolowezi chosowa: wofufuza ankapatsidwa malipiro ndi zipangizo, n'kumusiya zaka zambiri akulimbana ndi funso limodzi lovuta, popanda kumufunsa chaka ndi chaka kuti phindu lili kuti. Ntchito za m'menemo zalandira mphoto za Nobel 12. Fred Sanger, amene anagwira ntchito m'menemo, analandira ziwiri: mu 1958 chifukwa cha insulin, ndi mu 1980 chifukwa cha njira yowerengera DNA.

Tibwerere ku kachipangizo ka malungo kaja. Thupi likalowedwa ndi kachilombo limapanga asilikali otchedwa ma antibody, ndipo mtundu uliwonse umagwira mdani mmodzi yekha. Vuto linali loti m'magazi amakhala osakanikirana mitundumitundu, ndipo selo limene limapanga mtundu umene mukuufuna silikhalitsa mukalitulutsa m'thupi. César Milstein, amene anachoka kwawo ku Argentina chifukwa cha chipwirikiti cha ndale, ndi Georges Köhler wa ku Germany, anatenga selo lopanga antibody m'kapamba ka mbewa n'kuliphatikiza ndi selo la khansa, limene limangoswana osafa. Chotuluka chake chinali selo losafa lopanga antibody wa mtundu umodzi, wochuluka mmene mungafunire. Pa kapepala kali mkati mwa choyezera malungo anapakapo ma antibody oterowo. Magazi akamayenda pa kapepalako, ngati muli puloteni ya kachilombo ka malungo, ma antibody amaigwira, ndipo mzere wachiwiri uja umaoneka. Choyezera mimba chimagwira ntchito mofananamo.

Bungwe la boma limene linkayang'anira zoterezi silinalembetse umwini wa lusoli, ndipo a ndale ku Britain anadandaula kwa zaka kuti dziko lataya chuma. Ine ndimaona kuti dziko lonse lapansi linapindula, chifukwa labotale iliyonse inatha kuligwiritsa ntchito popanda kupempha kwa munthu. Komabe a Cambridge anatolapo phunziro lawo. Greg Winter, wa mu labotale yomweyo, atapeza njira yosinthira ma antibody a mbewa kuti thupi la munthu lisawakane, umwini unalembetsedwa, ndipo mu 1989 iye ndi David Chiswell anayambitsa Cambridge Antibody Technology. Luso la kampaniyi ndi limene linabereka Humira, mankhwala a nyamakazi amene analoledwa mu 2002 ndipo pa chimake ankabweretsa madola oposa 20 biliyoni pa chaka. Dziwani kuti ndalama zochuluka zinapita kwa amene ankagulitsa mankhwalawo, kampani ya ku America imene lero ndi AbbVie.

Kummwera kwa tauni, m'mudzi wa Hinxton, muli Wellcome Sanger Institute, imene imayendetsedwa ndi ndalama za bungwe lachifundo la Wellcome. Pa ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu, imene inatha mu 2003, pamenepa anawerengapo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mtsogoleri wake woyamba, John Sulston, analimbikira kuti zonse zimene zawerengedwa ziziikidwa poyera tsiku ndi tsiku, pamene kampani ina ya ku America inkafuna kuti anthu azilipira kuti azione. Kwathu kuno tili ndi gawo m'nkhani ya malowa. Mu 2009 ofufuza a ku Sanger, pamodzi ndi anzawo a ku Blantyre ndi ku Kenya, anawerenga DNA ya mtundu wa kachilombo ka Salmonella umene umalowa m'magazi n'kupha ana ndi anthu amene chitetezo chawo chatsika, ndipo anaonetsa kuti ndi wosiyana ndi uja amene amangotsegula m'mimba ku Ulaya. Anautcha ST313, ndipo kachilombo kamene ofufuza padziko lonse amayerekezera nako kanachokera kwa mwana wa ku Blantyre.

Kuwerenga DNA ya munthu koyamba kuja kunatenga zaka 13 ndi madola pafupifupi 3 biliyoni. Lero kumatheka pa ndalama zosakwana madola 1,000, ndipo mbali yaikulu ya kutsika kumeneku inayambira m'tauni yomweyi. Akatswiri awiri a kemisitiri pa yunivesite, Shankar Balasubramanian, amene anabadwira ku India, ndi David Klenerman, anakambirana ganizo lawo pa bala ya Panton Arms mu 1997, n'kuyambitsa Solexa chaka chotsatira. Illumina ya ku California inaigula mu 2007. Onani mayina amene ndatchula m'nkhaniyi: wa ku Austria, wa ku Argentina, wa ku Germany, wa ku India. Tauniyi inalemera ndi alendo, ndipo nthawi iliyonse malamulo olowera m'dziko akamangitsidwa, a m'malabotale ndi amene amayamba kudandaula.

AstraZeneca, imene lero ili ndi nyumba yaikulu pafupi ndi zipatala za Addenbrooke's ndi Royal Papworth, inagula Cambridge Antibody Technology mu 2006, inasamutsira likulu lake ku Cambridge mu 2016, ndipo nyumba yake ya kafukufuku inatsegulidwa mu 2021. Kuchokera pa lipoti la Mott mpaka kufika kwa likululi panadutsa zaka 47. Kampani yaikulu imatsata anthu. Imapita kumene wofufuza angathe kuyenda wapansi kuchoka mu labotale kukaonana ndi dokotala amene ali ndi odwala. Microsoft, Amazon ndi Apple nawonso anatsegula maofesi a kafukufuku pa chifukwa chomwecho. Mayiko amene amayamba n'kumanga mpanda ndi nyumba, n'kuika chikwangwani choitana makampani, kawirikawiri amatsala ndi maofesi opanda anthu, chifukwa ndalama zolipira wofufuza kwa zaka 20 sizinaikidwe pa bajeti.

Sikuti zonse zili bwino kumeneko. Mwaona kale kuti Solexa inapita ku America, Arm ku Japan. Domino inagulidwa ndi Brother, Cambridge Silicon Radio ndi Qualcomm, zonsezi mu 2015, ndipo Abcam, yogulitsa ma antibody kwa ofufuza, inatengedwa ndi Danaher mu 2023. Arm itabwerera pa msika wa masheya mu 2023 inasankha New York, osati London. Kampani ikafika pofuna ndalama zambiri zokulira, ku Britain sizipezeka mokwanira, ndiye eni ake amagulitsa. Ntchito zambiri zimatsala ku Cambridge, inde, koma chigamulo chotseka kapena kukulitsa labotale chimapangidwa kutali.

Anthu wamba a m'tauniyi nawo akumva kuwawa. Nyumba zakwera mtengo kufika poyandikira za ku London, moti anamwino, oyeretsa ndi ogwira ntchito zothandizira m'malabotale ambiri amakhala m'matauni ena n'kumayenda ulendo wautali m'mawa uliwonse. Bungwe la Centre for Cities linapeza mu 2018 kuti Cambridge ndi mzinda umene olemera ndi osauka atalikirana kwambiri mu Britain monse.

Ndipo pali madzi. Dera limeneli ndi limodzi mwa amene amalandira mvula yochepa m'dzikomo, ndipo madzi akumwa a m'tauniyi amapopedwa pansi, m'miyala ya choko imene imadyetsanso timitsinje ta m'derali. Timitsinjeto tayamba kuphwa. Mu 2023 bungwe la boma loona zachilengedwe, Environment Agency, linatsutsa mapulani omanga nyumba masauzande angapo mozungulira tauniyi ponena kuti madzi sangakwane, pomwe boma lomwelo likufuna kuti Cambridge ikule kwambiri. Pali pulani yomanga damu lalikulu pafupi ndi Chatteris, kumpoto, koma madzi ake sayembekezeka kufika m'mipopi zisanafike zaka za m'ma 2030.