Dokotala akalakwitsa, khoti limafuna kumva chiyani?

Funso limene mabanja amabwera nalo kwa ife maloya limakhala lofanana: "M'bale wathu analowa m'chipatala akuyenda yekha, watuluka ali m'bokosi. Tingasumire?" Imfa payokha, kapena kulumala, si mlandu. Khoti limafuna kuona zinthu ziwiri: kuti dokotala, namwino kapena mzamba anachita zimene mnzake wosamala ndi wodziwa ntchito sakanachita, komanso kuti kulakwitsako n'kumene kunabweretsa tsokalo.

Malamulo athu a nkhanizi tinatengera ku England, ndipo oweruza athu amatsamirabe pa zigamulo zakale za kumeneko. Chodziwika kwambiri ndi cha mlandu wa Bolam cha mu 1957. Wodwala wina dzina lake Bolam ankamuchiza matenda a maganizo ndi magetsi, osamupatsa mankhwala ofewetsa minofu, ndipo thupi litagwedezeka anathyoka m'chiuno. Mlandu sunamukomere, chifukwa madokotala ena odalirika a nthawiyo ankachizanso chimodzimodzi. Kuchokera pamenepo, dokotala sapezeka wolakwa ngati wachita zimene gulu la anzake odalirika lingavomereze, ngakhale ena akanachita mosiyana.

Ndiye kuti mlandu wa kuchipatala umafuna dokotala wina woti aime m'khoti n'kunena kuti apa mnzangayu anaphonya. Kwathu kuno apa m'pamene pali phiri. Akatswiri ndi ochepa, ambiri anaphunzira limodzi ku College of Medicine ku Blantyre, ndipo amakumana m'mawodi omwewo. Woti atsutse mnzake poyera sapezeka wamba. Pali milandu ina yosafuna katswiri kwenikweni, monga thonje kapena chida chosiyidwa m'mimba pa opareshoni. Zikatero chipatala ndicho chimayenera kufotokoza kuti zinatheka bwanji popanda kusasamala.

Mfundo yachiwiri ija ndi imene imapweteka mabanja. Mmawa wa tsiku la chaka chatsopano mu 1966, alonda atatu ku London anapita kuchipatala akusanza atamwa tiyi. Dokotala sanabwere n'kudzawaona komwe, anangouza namwino kuti awauze alondawo apite kwawo. Mmodzi, bambo Barnett, anamwalira ndi poizoni wa arsenic. Khoti linavomereza kuti chipatala chinanyalanyaza, koma mkazi wamasiyeyo sanapatsidwe kanthu, chifukwa umboni unaonetsa kuti ngakhale akanamugoneka, mankhwala sakanafika m'thupi nthawi yabwino. N'zowawa, koma lamulo limafunsa kuti: kulakwitsako kukanapanda kuchitika, munthuyu akanapulumuka?

Chifukwa chake nkhani yoyeza mtembo ndi yaikulu. Ndikudziwa kuti pamaliro mitima imakhala ili pa galimoto, bokosi ndi anthu amene akudikira kumudzi, ndipo achibale ambiri safuna kuti thupi ling'ambidwe. Koma mukaika maliro osadziwa chimene chinapha munthu, nthawi zambiri mlandu umakwiriridwa limodzi naye.

Umboni wina uli kale m'manja mwanu: kabuku kakuchipatala kaja. Musakasiye kuwodi. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, ngakhale zolembazo zili zosawerengeka. Lembani tsiku ndi ola limene munafika, limene munaonedwa, mankhwala amene anaperekedwa, ndi amene anakuuzani chiyani. Woyang'anira wodwala amene anagona pansi pa bedi usiku wonse ndi mboni yofunika kuposa mmene amadzionera. Malisiti a mankhwala, a thiransipoti ndi a chipatala cholipira sungani, chifukwa ndalama zimene munawononga khoti limabweza zokhazo zimene mwaonetsa umboni wake.

Nthawi nayo simadikira. Malinga ndi Limitation Act, mlandu wa kuvulala uyenera kufika kukhoti pasanathe zaka 3. Ngati chipatala ndi cha boma, wosumiridwa ndi Attorney General, loya wamkulu wa boma, ndipo lamulo limafuna kuti apatsidwe kalata yomudziwitsa miyezi 3 mlandu usanayambe. Chipatala cha mishoni kapena cholipira mumasumira eni ake, poti bwana amayankha pa zimene wantchito wake walakwitsa ali pantchito.

Kudandaula n'kosiyana ndi kusuma, ndipo ambiri amasokoneza. Medical Council of Malawi ingathe kulanga dokotala, mpaka kumulanda chiphaso, ndipo Nurses and Midwives Council imatero kwa anamwino ndi azamba. Ofesi ya Ombudsman imafufuzanso zipatala za boma. Mu 2019 inatulutsa lipoti la amayi amene anachotsedwa chiberekero. Njirazi n'zothandiza, ndipo zimene apeza zingalimbitse mlandu wanu, koma kudandaula kumeneko sikuimitsa zaka 3 zija.

Ngozi za pamsewu n'zosavutirapo. Galimoto iliyonse imayenera kukhala ndi inshuwaransi yoteteza anthu ena, ndipo Road Traffic Act imalola wovulala kusumira kampani ya inshuwaransiyo mwachindunji. Pamafunika lipoti la apolisi ndi la dokotala. Dziwani kuti kampani imalipira kufika pa malire a pangano lake, zotsalazo zimagwera mwini galimoto kapena dalaivala, ndipo ngati inunso munali ndi mbali pa ngoziyo ndalama zimadulidwa. Wovulala pantchito ali ndi njira yake pansi pa Workers' Compensation Act ya 2000, kudzera ku ofesi ya zantchito, ndipo kumeneko safunika kuonetsa kuti bwana analakwa.

Mlandu ukakomera wodandaula ku High Court, kawirikawiri Registrar, mlembi wamkulu wa khotilo, ndiye amawerengera chipukuta misozi. Amaona ululu umene munthu wamva, zimene sangathenso kuchita monga kulima kapena kupalasa njinga, zipsera, ndi ndalama zimene akanapeza. Ngati munthu wamwalira, amaona thandizo limene ana ndi mkazi kapena mwamuna ataya. Amayerekezera ndi milandu yofanana ya m'mbuyo n'kuganizira kugwa kwa kwacha, choncho loya amene akulonjezani chiwerengero tsiku loyamba mumuchenjerere. Gwirizanani za malipiro ake polemba mlandu usanayambe. Amene alibe ndalama za loya angapite ku Legal Aid Bureau, atanyamula kabuku kaja ndi mapepala onse.