Emu ya mumdima wa Mlalang'amba

Usiku wopanda mwezi m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, akuluakulu a mitundu ya Aaborijini (eni nthaka a ku Australia) ya Kamilaroi ndi Euahlayi ku New South Wales, m'dziko la Australia, amaloza kumwamba n'kuuza ana kuti asiye kaye nyenyezi, ayang'ane malo akuda a mu Mlalang'amba. Malo akudawo amapanga chithunzi cha emu, mbalame yaikulu yosauluka yofanana ndi nthiwatiwa. Mutu wake uli pafupi ndi nyenyezi zopanga chithunzi cha mtanda zotchedwa Southern Cross. Nthawi imeneyi emu ya kumwambayo imaoneka ngati ikuthamanga, ndipo pansi pano emu zazikazi zimakhala zikuthamangitsa zazimuna. Pofika Juni ndi Julaye miyendo yake siionekanso. Apo anthu amadziwa kuti yaimuna yakhalira mazira, nyengo yokatola mazira yakwana.

Ine monga mphunzitsi wa sayansi, nkhani imeneyi ndimaiona ngati phunziro lathunthu. Mwana akafunsa chimene chimadetsa malowo, mumamuuza za mitambo ya fumbi yomwe imatchinga kuwala kwa nyenyezi zakutali. Akafunsa chifukwa chake emuyo imasintha kakhalidwe mwezi ndi mwezi, mwafika pa kuzungulira kwa dziko lapansi pa dzuwa. Ndiye pali mbalame yeniyeniyo: yaimuna ndi imene imafungatira mazira kwa masabata pafupifupi asanu ndi atatu. Chimene ndimafuna mwana agwire kwenikweni n'chakuti anthuwa ankapenyetsetsa, kukumbukira, kenaka kulosera, ndipo akalosera molakwa ankabwerera chimanjamanja. Umu ndi mmene sayansi imagwirira ntchito.

Mu 2018 bungwe la ACARA, lomwe limakonza silabasi ya sukulu za ku Australia, linatulutsa zitsanzo 95 zothandiza aphunzitsi kulumikiza sayansi ndi nzeru za Aaborijini komanso anthu a kuzilumba za Torres Strait. Ena anadandaula kuti sayansi isungunuka ndi nthano. Nkhawayo ndimaimva, chifukwa mphunzitsi waulesi akhoza kungokamba nthano, ana n'kuomba m'manja, phunziro n'kuthera pomwepo. Koma vuto pamenepo ndi kaphunzitsidwe.

Taonani za malo otchedwa Budj Bim, m'chigawo cha Victoria ku Australia komweko. Kumeneko anthu a mtundu wa Gunditjmara anakumba ngalande ndi kumanga timadamu ta miyala pa chiphalaphala chouma cha phiri lomwe linaphulika kalekale, kuti aziwongolera madzi ndi kukola mikunga m'mono zolukaluka. Zina mwa ngalandezo zakhala zaka pafupifupi 6,600, ndipo mu 2019 UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Apatseni ana mchenga, miyala ndi ndowa ya madzi, ayese okha kupatutsa madzi kuti alowe m'dziwe lawo. Adzalephera kangapo, kenaka adzazindikira za kutsetsereka kwa nthaka ndi liwiro la madzi, komanso luso la amene anamanga zimenezi.

Phunziro lina limandikumbutsa kwathu. Njere za mitengo ya cycad, yooneka ngati kanjedza, zili ndi poizoni, koma Aaborijini amazisinja kapena kuzidula, n'kuziviika m'madzi masiku angapo mpaka poizoniyo atasukuluka. Aliyense amene anaonapo amayi a ku Nkhata Bay akuviika chinangwa chowawa asanapange ufa wa kondowole, akudziwa kale zimene zikuchitika apa.

Pali chimodzi chimene sindingachidumphe. Aaborijini si mtundu umodzi: pomwe Angerezi ankafika mu 1788, kunali zilankhulo zoposa 250, ndipo nzeru iliyonse ili ndi eni ake. Zina n'zopatulika, siziuzidwa mwana kapena mlendo. Kumbukiraninso kuti mpaka m'zaka za m'ma 1970 ana ambiri a Aaborijini ankachotsedwa mokakamiza kwa makolo awo, n'kuletsedwa chilankhulo chawo, ndipo boma linapepesa pa 13 Febuluwale 2008 kudzera mwa nduna yaikulu Kevin Rudd. N'chifukwa chake mphunzitsi wosamala sangotola nkhani pa intaneti. Amapita kwa akuluakulu a dera lomwe sukuluyo ili, kupempha chilolezo, kuwaitana m'kalasi, ndipo pophunzitsa amatchula dzina la mtundu umene unasunga nzeruyo.