Zipilala za ku Gettysburg: anaziimika ndani, ndipo liti?

Chichitikireni chipolowe cha ku Charlottesville mu 2017, mkangano wa ziboliboli za asilikali a Kummwera, amene anamenyana ndi a Kumpoto pa nkhondo yapachiweniweni yokhudza ukapolo, sunazizire ku America. Mu 2020 nyumba yaing'ono ya malamulo inavomereza kuti zichotsedwe m'malo a mbiri amene boma limasamalira, koma nkhaniyo inafera m'mazira. Ku Gettysburg, m'chigawo cha Pennsylvania, zidakali chiimire. Ozitchinjiriza amati pamenepa ndi pabwalo la nkhondo, mwala umangoloza pamene munthu anaima. Mfundoyi ndi yomveka, koma imayamba kufooka mukaona zaka zimene miyalayo inadzalidwa.

Nkhondo ya ku Gettysburg inamenyedwa kuyambira pa 1 mpaka pa 3 Julaye 1863, ndipo ofa, ovulala, ogwidwa ndi osowa anakwana pafupifupi 51,000. Lero pamalopo pali zipilala ndi zikwangwani zoposa 1,300. Zambiri anaimika ndi asilikali a Kumpoto eni ake m'ma 1880, adakali ndi mphamvu zokanganirana malo. Bungwe losamala malowo linalamula kuti gulu lililonse liike mwala pamzere pamene linafola, osati pamene linakafika pomenya. Gulu la 72nd Pennsylvania linakana, mlandu unakafika kukhoti lalikulu la chigawocho, linapambana, ndipo mu 1891 linaimika chipilala chake pafupi ndi mpanda wa miyala pamene kuukira kwa Pickett, kazembe wa asilikali a Kummwera, kunathera.

A Kummwera nthawi imeneyo analibe chidwi. Ndani amakongoletsa malo amene anagonjerapo? Gulu limodzi la ku Maryland linaimika chake pa Culp's Hill mu 1886, ndipo analikakamiza kulemba kuti ndi gulu lachiwiri, poopa kusokoneza ndi magulu a Maryland a Kumpoto. Iwo anangozokota dzina lawo lakale m'tizilembo ting'onoting'ono pamwamba pake.

Zinthu zinatembenuka mu 1913. Pokumbukira zaka 50, nkhalamba zoposa 50,000 za mbali zonse ziwiri zinagona m'matenti pabwalopo, n'kugwirana chanza pamwamba pa mpanda uja. Pulezidenti Woodrow Wilson, wobadwira ku Virginia, analankhula za kulimba mtima ndi kuyanjana, za ukapolo osatchulako. Patatha zaka zinayi, mu 1917, Virginia inaimika chiboliboli chachikulu cha Robert E. Lee, mkulu wa asilikali a Kummwera pankhondoyo, atakwera kavalo wake Traveller. Ngakhale apo akuluakulu a malowo anakaniza mawu otamanda cholinga cha nkhondoyo. Anangolola olembedwa kuti Virginia ikukumbukira ana ake, ndipo mbendera yosemedwapo ndi ya chigawo, osati ya nkhondo.

Chingwe chimenechi chinamasuka m'ma 1960. Georgia inaimika chipilala chake mu 1961, South Carolina ndi Florida mu 1963, Mississippi mu 1973. Mwala wa South Carolina umanena za kupatulika kwa ufulu wa zigawo, wa Mississippi umatchula cholinga chawo kuti chinali cholungama. Ena amati zinangochitika chifukwa cha chikumbutso cha zaka 100, ndipo zoona chikumbutsocho chinakoka ndalama. Koma pamwambo wa 1963 panabweranso George Wallace, bwanamkubwa wa Alabama, amene milungu ingapo m'mbuyomo anaima pakhomo la yunivesite kutsekereza ophunzira akuda.

Mu 1863, asilikali a Lee anabwera ndi akapolo masauzande, ophika ndi oyendetsa ngolo. Olemba mbiri amasiyana pa chiwerengero, ena amati 6,000, ena 10,000, chifukwa mabuku a asilikali sankawawerenga ngati anthu a gulu. Polowa m'Pennsylvania anagwiranso anthu akuda, ena obadwa mfulu, n'kuwatumiza kummwera, ndipo ambiri mayina awo sanalembedwe paliponse. Abraham Brian, mlimi wakuda wa pa Cemetery Ridge, pabwalo la nkhondo lomwelo, anathawa ndi banja lake. Pobwerera anapeza nyumba ili mabowo a zipolopolo okhaokha, munda utapondedwa. Anapempha boma chipukutamisozi choposa madola 1,000, linamupatsa 15.