Gemu yatsekeka, koma makina ali bwinobwino

Dandaulo lomwe timalandira kawirikawiri ife okonza makina a magemu kuno ku Kasungu boma ndi lakuti gemu yomwe mwana ankasewera dzulo lero yaikidwa kachizindikiro ka loko. Bambo amafika atanyamula PlayStation yonse m'chikwama, poganiza kuti yawonongeka. Nthawi zambiri palibe chawonongeka. Gemuyo sinagulidwe, inali ya lendi.

Xbox Game Pass, yomwe Microsoft inayambitsa mu 2017, ndi PlayStation Plus ya Sony zimayenda motere: mumalipira pamwezi kapena pachaka, ndipo amakutsegulirani magemu mazanamazana. Zili ngati munda wa lendi. Mulima, mukolola, koma chaka chomwe simunapereke ndalama simupondamo, ngakhale mizere munaunga ndinu.

Chomwe chimasokoneza anthu ndi chakuti gemu ikhoza kuchoka inu mukulipirabe. Magemu ambiri m'ndandandawo si a Sony kapena Microsoft. Eni ake ndi makampani ena, omwe amagwirizana nawo kuti gemu yawo ikhalemo kwa nthawi yakutiyakuti. Mgwirizano ukatha osauwonjezera, gemu imachotsedwa, ngakhale itakhala kale m'makina mwanu. N'chifukwa chake mwezi uliwonse ena amalowa, ena amatuluka. Amalengeza pasadakhale, ndipo pa Game Pass amatsitsako mtengo kwa wofuna kuigula isanachoke. Pomwe munalekezera sipafufutika. Mukaigula mumapitiriza pomwepo. Omwe amakhalitsa ndi magemu a eni nyumba, monga Halo pa Xbox. Call of Duty inalowanso m'gulu limeneli Microsoft itagula Activision Blizzard, kampani yomwe imapanga gemuyi, mu 2023.

Ku PlayStation kuli kanthu kena kofunika kukamvetsa. Kuchokera mu 2022 malipiro ali m'magawo atatu: Essential, Extra, ndi lapamwamba lotchedwa Premium kapena Deluxe malinga ndi dziko. Essential imapereka magemu ochepa mwezi uliwonse, ndipo mukawatenga mwezi womwewo amakhala pa akaunti yanu. Mukasiya kulipira amatsekeka, mukayambiranso amatseguka. Ndandanda waukulu uja, womwe magemu amalowa ndi kutuluka, umayambira pa Extra. Choncho musamadutsitse mwezi osadina magemu a Essential, ngakhale mulibe bandulo yowatsitsira lero.

Nkhani ya bandulo ndi yomwe otsatsa malonda satchula. Malipirowa anawakonzera anthu omwe intaneti yawo ilibe malire. Gemu imodzi yaikulu imatha kupitirira 50 GB, zina mpaka 100 GB, osawerengera ma update. Pa Airtel kapena TNM, ndalama yotsitsira gemu imodzi yotero ikhoza kuposa ya lendi ya mwezi wonse. Magetsi akathima pakati, mudikirenso. Ndiye magemu mazana aja, kwa munthu wa ku Chinkhoma kapena ku Santhe, amasanduka awiri kapena atatu. Makina amafunanso kulumikizidwa pa intaneti nthawi ndi nthawi kuti atsimikize kuti mukulipirabe.

Kalipiridwe nakonso n'kovuta. Ambiri kuno amatsegula akaunti ya ku South Africa n'kumagula makadi a ma randi, ndipo khadi la dziko lina siligwira pa akaunti yotero. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, makadiwo anakwera nthawi yomweyo. Ngati munaika khadi la ku banki, dziwani kuti malipiro amadzidula okha mwezi ukatha mpaka mutazimitsa nokha.

Ine ndikaona mnyamata yemwe chaka chonse amangosewera mpira, FIFA yomwe kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC, ndimamuuza kuti agule disiki basi. Gemu yatsopano ya mpira imalowa mu EA Play, lendi ya kampani ya EA yomwe imapanga gemuyi, patapita miyezi, anzake atayamba kale kuisewera, pomwe disiki angathe kusinthana ndi mnzake kapena kuigulitsa. Lendi imapindulira munthu wokonda kulawa magemu osiyanasiyana amene ali ndi Wi-Fi yodalirika. Kwa iyeyo malangizo anga ndi akuti alipire mwezi umodzi panthawi ya holide, atsitse usiku magemu omwe wasankhiratu, ndipo azimitse kudzidula kwa malipiro tsiku lomwelo.