Thadzi lachilendo lisalowe m'khola tsiku lomwelo

Nkhuku yotsika mtengo kwambiri pamsika wa Nchalo, Ngabu kapena Bangula muziikayikira. Chitopa chikabuka m'mudzi, ambiri amathamangira kugulitsa zomwe zikuyendabe zisanayambe kugwa. Thadzi limaoneka bwino lomwe, maso owala, nthenga zosalala, koma kachilombo kali kale m'thupi. Kamatha kubisala masiku angapo, nthawi zina mpaka masabata awiri, zizindikiro zisanaoneke. N'chifukwa chake ife alangizi a ziweto timaumirira kuti nkhuku iliyonse yobwera, kaya yogula, kaya yopatsidwa ndi apongozi, iyambe yakhala payokha masiku 14.

Payokha sikutanthauza kuimanga mwendo pa nsanamira ya khola pomwe zinzake zikudzatola nayo limodzi. Ikhale kutali, pamthunzi wa nimu kuseri kwa nyumba, m'kakhola kakekake, ndi mbale yake ya madzi ndi ya chakudya. Muziyamba kudyetsa zakale, mlendoyo pomaliza, kenako musambe m'manja. Kuno kuchigwa cha Shire mthunziwo si nkhani yamasewera. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo nkhuku situluka thukuta. Imangoyasama n'kutambasula mapiko. Yovundikiridwa m'dengu padzuwa imatha kufa masana omwewo, eni ake n'kumati anagulitsidwa yodwala. Madzi asinthidwe kawiri kapena katatu patsiku, ndipo mbale yadothi imasunga kuzizira kuposa chigubu chodulidwa pakati.

Masiku amenewa ndi oifufuza bwino. Igwireni, mupapase fupa la pachifuwa. Likakhala lakuthwa, lopanda mnofu m'mbali, nkhukuyo ndi yowonda ngakhale nthenga zikubisa, ndipo kawirikawiri vuto limakhala njoka zam'mimba. Mankhwala ake funsani kwa mlangizi, kuti akuuzeninso masiku oti musadye mazira ake. Tsegulani nthenga za kunsi kwa mapiko ndi za kumchira muone nsabwe. Timadontho takuda tomatirira mozungulira maso ndi utitiri, umene umayamwa magazi mpaka thadzi kuleka kuikira. Pakani Vaseline pang'ono pamene wamatirirapo, osati palafini, amene amaotcha khungu ndi maso. Thirani phulusa losakaniza ndi mchenga pomwe imakonda kugona masana kuti izisambamo.

Mukaona ikuodzera, mapiko ali lende monga yavala jekete, zitosi zobiriwira, kupuma mobanika kapena khosi lopindika, isayandikire zinzake. Chitopa chilibe mankhwala ochiza. Makapisozi a anthu ndi tsabola wam'madzi, zomwe ambiri timathamangira, sizipha kachilomboka. Ikafa ikwirireni mozama kapena muiotche, agalu asamwaze nthenga pabwalo.

Chotiteteza ndi katemera wa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Ndi dontho limodzi m'diso limodzi, kwa mwanapiye ndi tambala chimodzimodzi, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Amapirirako kutentha kusiyana ndi akatemera ena, komabe botolo lisagone padzuwa kapena m'thumba la malaya. Amateteza nkhuku yathanzi, sachiritsa yodwala, ndipo chitetezo chimakhwima pakatha sabata imodzi kapena awiri. Choncho mlendoyo akatha masiku angapo akudya bwino, mutemereni, ndipo onetsetsani kuti zam'khola nazo nthawi yake sinapitirire.

Pa chakudya, gaga yekha amakhutitsa koma samanga thupi. Onjezani mapira kapena mchewere wosinja, chiswe, fumbi la usipa lotsalira pansi pa thumba, ndi masamba a chammwamba, omwe kuno sasowa. Zikamba za mazira muziotche ndi kuzisinja musanaipatse, kuti isazolowere kuswa mazira ake.

Masabata awiri akatha, ilowetseni m'khola usiku zinzake zitagona. M'mawa zidzaijompha ndithu, chifukwa nkhuku zimayamba zadziwana wamkulu ndani, ndipo izi zimazirala pakapita masiku ochepa. Mwazani chakudya malo awiri otalikirana kuti nayo ipeze mpata. Ikatuluka magazi ichotseni kaye mpaka bala liume, popeza nkhuku zikaona kufiira sizileka kujompha.