Bogstad: nyumba ya nduna yaikulu imene inamangidwa ndi ndalama za matabwa

Kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Oslo, pamene mtsinje wa m'chigwa cha Sørkedalen umathira m'kanyanja ka Bogstadvannet, ndi pamene pali nyumba ya Bogstad, kwawo kwa Peder Anker, nduna yaikulu yoyamba ya Norway. Alendo amathamangira kukaona chipinda chovinira ndi zithunzi zimene mwini wake anabwera nazo kuchokera ku Italy, koma chimene chinadyetsa nyumbayi chili panja: madzi aja ndi nkhalango yakuseri kwake.

Kalekale malowa anali a amonke a pachilumba cha Hovedøya. Mfumu itawalanda pa nthawi imene dziko linasiya Chikatolika, inadzawagulitsa mu 1649. Kenako anakhala m'manja mwa banja la Leuch, amalonda a matabwa, omwe anamanga chiyambi cha nyumba ilipoyi cha m'ma 1760. Anker, wobadwa mu 1749, anatenga Bogstad mu 1772, nakuza nyumbayo, naitanitsa katswiri wa maluwa wa ku Germany, Johan Reinhold Grauer, kuti akonze bwalo lachingelezi la tinjira tokhotakhota ndi timaiwe.

Ntchito inkayendera nyengo. Mitengo ankaidula m'nyengo yozizira, akavalo n'kukoka zipika pamwamba pa chipale chofewa mpaka m'mbali mwa mitsinje. Chipale chikasungunuka, ankatsegula madamu a m'nkhalango ya Nordmarka kuti madzi anyamule zipikazo kutsikira ku Bogstadvannet, kenako mumtsinje wa Lysakerelva, kumene kunali macheka oyendetsedwa ndi madzi. Matabwa ambiri ankapita ku England. Madamu akatsegulidwa mochedwa kapena madzi akachepa, zipika zinkatsakamira pamiyala n'kugonera chaka china, ndalama zili gone m'thengo.

Anker analinso ndi nkhalango kutali, ku Valdres ndi ku Land. Mitengo ya kumeneko inkatsata madzi kupita kutauni ya Drammen, osati kumacheka ake. Iye anasankha kuikweza phiri. Pakati pa 1803 ndi 1807 anamangitsa makina okweza zipika otchedwa Kjerraten i Åsa, motsogozedwa ndi injiniya wa ku Sweden, Samuel Bagge. Kuchokera m'nyanja ya Steinsfjorden kukwera ku Damtjern anandandalika magudumu amadzi 12 pa mtunda wa pafupifupi makilomita anayi, ndipo chitunda chake chinali chotalika pafupifupi mamita 400. Gudumu lililonse linkazunguza unyolo wachitsulo wolumikizidwa kumapeto ngati mkombero. Wantchito ankakola chipika ku unyolowo, chinkakwera chikukwekwereka, ndipo pofika pa gudumu lotsatira wina ankachikolola n'kuchikola ku unyolo wina. Madzi otsika kuchokera pamwamba ndiwo ankapatsirana magudumu onsewo, kotero kamtsinje kakaphwa kapena gudumu limodzi likaonongeka, mzere wonse unkaima. Zipika zikafika pamwamba, ankazilowetsa m'madzi otsikira ku Sørkedalen, n'kudzadutsa pakhomo penipeni pa Bogstad.

Anker sanasowe chitsulo, chifukwa mu 1791 anagula fakitale yosungunula zitsulo ya Bærums Verk. Msewu umene anaulambula wonyamulira miyala yachitsulo ukutchedwabe Ankerveien, ndipo lero anthu amayendamo kokapitidwa mphepo.

Tsoka lake, makinawo anatha m'chaka chomwe Denmark ndi Norway zinalowa m'nkhondo ndi Britain. Mu 1807 zombo za Britain zinatseka nyanja, matabwa n'kungounjikana padoko. Nkhondo itatha, Britain inali itakweza msonkho pa matabwa a ku Norway pokondera a ku Canada. Makina odabwitsawo anagwirabe ntchito mpaka cha m'ma 1850, koma msika umene anawamangira unali utasintha.

Apa ndi pamene ndale za Anker zimamveka. Pangano la ku Kiel la Januwale 1814 linachotsa Norway m'manja mwa Denmark n'kuipereka kwa mfumu ya Sweden. Nthumwi 112 zinasonkhana ku Eidsvoll, m'nyumba ya Carsten Anker, msuweni wa Peder, kukalemba malamulo a dziko amene anasainidwa pa 17 Meyi, ndipo Peder Anker ndiye anali wapampando woyamba. Iye anali kumbali ya ochepa ofuna kugwirizana ndi Sweden, gulu lotsogozedwa ndi mkamwini wake, Herman Wedel Jarlsberg. Munthu amene waona matabwa ake akuola padoko sangafune nkhondo ina. Mgwirizanowo utatheka mu Novembala 1814, Anker anakhala nduna yaikulu, koma mpando wake unali ku Stockholm, pafupi ndi mfumu, osati ku Christiania (dzina lakale la Oslo). Dongosolo limeneli linakhalapo mpaka 1873. Anatula udindo mu 1822, namwalira ku Bogstad mu 1824.

Nyumba inapita kwa mwana wake Karen ndi mwamuna wake Wedel Jarlsberg, ndipo kudzera m'ukwati inadzafika kubanja la Egeberg. Mu 1955 banjalo linaipereka ku bungwe losamalira malowa, pamodzi ndi mipando, zithunzi ndi ziwiya momwe zinalili, ndipo imayang'aniridwa mogwirizana ndi Norsk Folkemuseum, malo osungira zinthu zakale a ku Oslo. Ku Åsa nako, maziko amiyala a magudumu aja akuonekabe m'mbali mwa kamtsinje, ndipo gudumu limodzi analimanganso kuti anthu aone mmene unyolo unkakokera chipika.