Inshuwalansi ya makorali ku Mexico: mayankho a mafunso omwe mwatifunsa

Chilembereni zoti boma la chigawo cha Quintana Roo ku Mexico limagulira inshuwalansi matanthwe a m'nyanja, mafunso sakutha ku ofesi kuno. Ena akuti ndi nthabwala, ena akuti ndi njira yodyera ndalama. Tayankha omwe akubwera kawirikawiri.

Makorali ndi chiyani?

Ndi tinyama tating'ono ta m'nyanja yamchere tomwe timamanga matanthwe momwe nsomba zimabisala ndi kuswana.

Namondwe amawaononga bwanji?

Mafunde amathyola makorali a nthambi, makamaka a m'malo osaya, n'kugubuduza akuluakulu ndi kukwirira ena mumchenga. Chidutswa chothyoka sichifa tsiku lomwelo. Chikatoledwa msanga n'kumatidwa pathanthwe ndi simenti chimatha kugwira, koma chikangosiyidwa kuti chizigubuduzika, pakatha masabata ochepa chimafa.

Bwanji kutetezera miyala anthu akusowa pogona?

Funsoli timalimva, koma likusiya mfundo yaikulu. Thanthwe la makorali lathanzi limatha kuchepetsa mphamvu ya mafunde mpaka 97 peresenti asanafike kumtunda. Mahotela a ku Cancún, Playa del Carmen ndi Tulum, pamodzi ndi nyumba za anthu ogwira ntchito mmenemo, zili kuseri kwa matanthwewa. Ndicho chifukwa mu 2019 bomalo, mogwirizana ndi bungwe loteteza chilengedwe la The Nature Conservancy, linagula inshuwalansi ya gombe lotalika pafupifupi makilomita 160.

Ndalama zimatuluka liti, ndipo amayeza chiyani?

Apa mpomwe pagona madandaulo ambiri, ndiye tifotokoze mosamala. Palibe munthu wa kampani ya inshuwalansi amene amalowa m'madzi kukawerenga zothyoka. Chimene amayeza ndi liwiro la mphepo. Mgwirizano woyamba unati mphepo ikafika makilomita pafupifupi 185 pa ola m'dera lomwe analemba pamapu, kampani ilipire gawo la ndalamazo, ndipo gawolo limakula mphepo ikamakula. Namondwe Delta atagunda pafupi ndi tauni ya Puerto Morelos pa 7 October 2020, panatuluka madola a ku America pafupifupi 800,000.

Ubwino wake ndi woti palibe kukangana za kukula kwa chionongeko. Koma sitingabise kuti njirayi ili ndi mpata. Namondwe atha kudutsa kunja kwa mzere wa pamapu, kapena mphepo n'kuperewera pang'ono pa mlingo, mafunde n'kuphwanyabe makorali, ndalama osatuluka. Amalawi vuto la mtundu umenewu akulidziwa: inshuwalansi ya chilala ya nyengo ya 2015/16 yomwe boma la Malawi linagula ku bungwe la African Risk Capacity poyamba inaonetsa kuti palibe cholipira anthu ali pa njala, ndipo madola 8.1 miliyoni anadzavomerezedwa ataunikanso mawerengedwe. Komanso kampani kulipira msanga sikutanthauza kuti ndalama zafika kunyanja msanga, poti zimadutsa kaye m'thumba loyendetsedwa ndi akomiti. Magulu odzipereka a ku Puerto Morelos anayamba kumata makorali ndalama za Delta zisanawafike.

Nanga eni mabwato ndi ophunzitsa alendo kusambira pansi pa madzi amalandirako?

Ayi. Ndalamazi ndi zokonzera matanthwe ndi gombe, si chipukuta misozi cha bizinesi. Mwini bwato atha kupezapo kanthu ngati walembedwa ntchito yonyamula okonzawo, koma limenelo si lonjezo.

Namondwe akadutsa, malo osambirira amatsegulidwa liti?

Mabwato amatuluka akuluakulu a doko akalola. Madzi amayamba akhala amatope kwa masiku angapo, ndipo malo akuya nthawi zambiri amapezeka osaonongeka kwambiri kuyerekeza ndi osaya. Mlendo asatole zidutswa, ngakhale ndi mtima wothandiza. Imeneyo ndi ntchito ya ophunzitsidwa.

Tinene zoona, kodi inshuwalansiyi ikupulumutsa makorali?

Ku namondwe yekha, inde, pang'ono. Maiko ena atengerako: namondwe Lisa atagunda Belize mu November 2022, panatuluka madola 175,000 okonzera matanthwe a Turneffe. Koma makorali oyera chifukwa cha kutentha kwa madzi, matenda omwe anafika m'nyanja ya Mexico mu 2018 n'kupha makorali ochuluka, komanso zonyansa zochokera m'matauni, zonsezi mgwirizanowu sulipira.